Ndinakana Mkamwini Chifukwa cha Njiwa

1

Kakapu ka khofi kanali patebulo, patsogolo pa Abu Talal, mtsogoleri wa alendo, ndipo kanali katayamba kuzizira. Sakanakakhudza mpaka ife eni mwana titanena kuti tavomera.

Zonse tinali titamvana kale. Amayi ake a Laith, mnyamata wofunsirayo, anali atabwera kudzamuona Sundus, mwana wanga mmodzi yekhayo. Mnyamatayo anali atakhalapo pabalaza panga, maso ali pansi, akuyankha "inde bambo" ndi timawu tosamveka bwino. Ndinali nditafunsafunsa za iye. Amagwira ntchito kudoko ku Aqaba, samwa, amapemphera, alibe mbiri yoipa. Tsikulo linali longotsiriza mwambo. Tenti inali itatseka msewu wathu ku Irbid, amuna a mbali zonse atadzaza mipando, mathireyi a kunafa, keke yathu yotsekemera, akudikira m'galimoto kuti khofi akangomwedwa tigawire anthu.

Chimene chinandisokoneza chinachitika alendo akufika. Msuweni wina wa mkamwini ankalephera kuimika galimoto, ndipo Laith, ataiwala kuti tsikulo ndi mkamwini, anakuwa:

"Kumanzere, iwe! Kumanzere! Maso unawasiya kwa agogo ako?"

Kenako anaseka, kuseka kodukaduka ngati injini yokana kulira.

Mawu amenewo ndinkawadziwa. Kusekako ndinkakudziwanso. Ndinali nditazimva m'makutu mwangamu pafupifupi tsiku lililonse kwa chaka chathunthu.

Abu Talal, bambo ake aakulu a Laith, anaimirira. Anatamanda banja lathu, anatchula malemu mkazi wanga Nawal, kenako anapempha Sundus. Mkulu wanga Fawaz, amene ankatilankhulira, anatsokomola pang'ono kuti auze alendo amwe khofi wawo. Ndinamugwira mkono.

"Dikirani, achimwene."

"Chiyani?" ananong'ona.

"Sindinavomere."

"Ghassan, mutu ukuyenda? Pamaso pa anthu onsewa?"

Ndinaimirira. Mawu anatuluka bwinobwino, ngati ndili m'kalasi.

"Pepani alendo athu. Lero yankho palibe."

 Abu Talal anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakankhira kakapu kaja kutsogolo ndi chala chimodzi, n'kutuluka. Abale ake anamutsatira. Laith ndiye anatuluka pomaliza, akucheukacheuka ngati wataya chinthu.

2

Fawaz anadikira kuti tilowe m'nyumba, kenako anamenyetsa chitseko.

"Moyo wako wonse uli phee ngati mpando. Lero ndiye wasankha kulankhula?"

Ndisanayankhe, Sundus anatsika kuchokera kumtunda kumene kunali azimayi. Anali adakali mu diresi lobiriwira, tsitsi lokonzedwa, nsapato m'manja.

"Ababa, mwamupeza ndi chiyani?"

"Ali ndi mkazi wina."

"Ndani?"

"Amamugulira mphatso. Amamuuza mawu amene mwamuna wotomera sayenera kuuza munthu wina."

"Wakuuzani ndani?"

"Palibe. Ndinamva ndekha."

"Kuti? Inu simutuluka m'nyumba muno! Kumsika kokha mumachita kukakamizidwa!"

Ndinayang'ana pansi. Pansi panali kapeti yemweyo wa masiku onse.

"Tamvera," anatero Fawaz. "Ngati umboni uli nawo, utulutse. Ngati ulibe, dziwa kuti anthu sanena za mnyamatayo. Anena za mwanayu. Ati bambo wake waopa kuti chinachake chidziwika."

Ankanena zoona. Mawa lake azakhali ena anaimba foni kufunsa ngati Sundus ali ndi matenda amene tikubisa. Mayi wapafupi, amene kale ankamuitana kuti akamuyeze kuthamanga kwa magazi, anatseka zenera Sundus akudutsa. Mwana wanga ankapita kuntchito kuchipatala, kubwera, kulowa kuchipinda. Ine ndinkangoyendayenda m'nyumba, kuchoka pabalaza kupita kukhitchini, kutsegula firiji, kutseka, kubwereranso. Pakona, pansi pa TV, panali kabokosi kakuda kamene sindinkafuna kukayang'ana.

3

Ndine mphunzitsi wa masamu wopuma. Anthu amandidziwa ndi jekete ndi nyuzipepala. Palibe amene ankadziwa kuti masana aliwonse, Sundus akakhala kuntchito, ndinkatseka makatani, kuvala mahedifoni, n'kudumpha m'ndege.

Makina a gemuwo anagula ndi Sundus mayi ake akudwala, kuti masana azifupikako. Nawal atamwalira anangokhala pamenepo, akutola fumbi. Tsiku lina buku linandikana, tulo tinandikana, kukhala pansi kunandikana. Ndinawayatsa.

Kulowa n'kwaulere. Mumadumpha anayianayi, kugwera pachilumba m'manja mulibe kanthu. Mumatola mfuti m'nyumba zopanda anthu, uku mpanda wa utsi ukufinya bwalo pang'onopang'ono mpaka otsala onse akumane. Akakuwombera sufa pomwepo. Umagwa, n'kumakwawa, kudikira mnzako adzakudzutse. Eni gemu amadyera pa zovala: zipewa, majekete owala, mapiko, zinthu zosathandiza kuwombera koma zimene aliyense amazilakalaka.

Masiku oyamba ndinkafa ndisanatole ngakhale nsapato. Zala zanga zinkasochera pa padi, kachipangizo ka mabatani kosewerera. Koma ndinali ndi nthawi, ndipo ndinayamba kuona kumene utsi uti ufinyire. Ndinaphunzira kudikira, kugona mu udzu, kumvera mapazi. Kuwombera sindinadziwe mpaka lero.

Ndi mmene ndinapezekera m'gulu la mnyamata wodzitcha Nkhandwe. Anali wa pakamwa, wolamula, wosatopa kunyoza mnzake amene ankamutcha Dokotala.

"Dokotala, ukuwombera mtengo! Mtengowo wakulakwira chiyani?"

"Intaneti yafooka, m'bale wanga."

"Manja ako ndiye afooka. Kumanzere, iwe! Maso unawasiya kwa agogo ako?"

Ndinkaseka ndekha pabalaza. Ndinali nditaiwala kamvekedwe ka kuseka m'nyumba imeneyo.

M'gululo munali mtsikana wotchedwa Njiwa. Sankatsegula maiki, ndipo palibe amene ankadabwa. Mtsikana akangotulutsa mawu pa gemu, anyamata achilendo amamuunjikira ngati ntchentche, choncho ambiri amasewera mwakachetechete. Nkhandwe ankamusamala ngati dzira.

"Njiwa, tenga chisoti ichi. Mutu wako ndi wodula kuposa wa Dokotala."

"Nanga ine?" Dokotala ankadandaula.

"Iwe m'mutu mwako muli chiyani choti titeteze?"

Anamugulira diresi la buluu lokhala ndi mapiko. Akajomba tsiku limodzi, mawa lake ankati, "Dzulo chilumba chinali chouma." Ndipo sabata yomweyo ya mwambo wa Sundus, ananena pa maiki, Dokotala akumva:

"Njiwa, watsala pang'ono kukhala wanga. Usayankhe. Ndikudziwa kuti ukumva."

Ndiye ikani mtima wanu m'malo mwanga. Ndakhala m'tenti, ndazindikira kuti Nkhandwe ndi Laith, ndipo abale ake akupempha mwana wanga pamene iye walonjeza wina. Khofi ameneyo akanamwedwa bwanji?

4

Laith anabwera Lolemba masana, yekha, popanda wamkulu aliyense. Anali asanabwerere ku Aqaba. Maso ake anali ofiira.

"Bambo, ndikudziwa kuti sindiyenera kubwera chonchi. Sindinabwere kudzakangana. Mungondiuza cholakwa changa. Mayi anga sakudya."

Ndinamulozera mpando. Kukhitchini kunamveka makapu. Sundus anali pa tchuthi tsikulo.

"Nkhandwe," ndinatero.

Anadzidzimuka. "Dzina limenelo mwalidziwa bwanji?"

"Njiwa ndani?"

Anandiyang'ana, kenako anapuma mpweya wautali, n'kuyamba kuseka kwake kuja.

"Basi ndi zimenezi? Bambo, Njiwa ndi Sundus!"

"Ukuti chiyani?"

"Tinaonana ku ukwati wa msuweni wanga. Tinacheza pang'ono za magemu, anandiuza kuti kunyumba amasewera pa dzina la Njiwa ya ku Irbid. Ndinalifufuza, ndinalipeza. Sanalankhulepo, ine ndinalemekeza zimenezo. Titatomerana ndinamufunsa pafoni, anati za gemu anasiya kalekale. Ndinangoti akuopa kuti inu mumva." Anasendera kutsogolo pampando. "Bambo, tsiku lina ndinagwa kunja kwa mpanda, utsi ukundidya. Dokotala anathawa. Iye anali atafika kale pabwino, koma anabwerera, anadutsa m'zipolopolo, anandidzutsa. Sananene kanthu. Tsiku lomwelo ndinaimbira mayi anga kuti mkazi ndamupeza."

Sundus anali ataima pakhomo, thireyi ya tiyi m'manja.

"Ine padi sindinaigwire chimwalirireni amayi," anatero. "Dzinalo ndi la amayi. Ndinkangowalandira manja awo akatopa."

"Nanga amene ndakhala ndiku..."

Laith sanamalize. Onse awiri anayang'ana kabokosi kaja pansi pa TV. Kanalibe fumbi. Kenako anayang'ana mahedifoni amene anali pa mkono wa mpando wanga.

Ndakuuzani za Njiwa ngati ndi munthu wina, chifukwa ndi mmene ndinkadziuzira inenso. Njiwa ndinali ine.

Nditayatsa makina tsiku loyamba lija, ndinapeza akaunti ya Nawal, ndi kamtsikana ka tsitsi lalifupi kamene anasankha yekha. Sindinafune kukasintha. Maiki sindinatsegule, chifukwa mdala wa imvi akalankhula pa gemu amasanduka choseketsa cha tsikulo. Nditazindikira kuti akundiyesa mtsikana, ndinkayenera kunena. Ndinati ndinena mawa. Chisoti ndinalandira. Diresi la mapiko ndinalivala. Ndipo sindinali chete kotheratu ayi, ndinkalemba. "Wadya?" "Usamagone mochedwa." "Mawu ako asasa lero, imwa zotentha." Ndinkadziuza kuti ndi mawu a bambo kwa mwana. Koma ndinkadziwa mmene iye ankawawerengera, ndipo sindinasiye. Panali munthu amene ankadikira kuti ndifike. Zimenezo ndinali nditaziiwala kukoma kwake.

Zonsezi ndinawauza mwachidule, ndikuyang'ana khoma.

Laith anagwira mutu. "Ndiye... mapiko aja?"

"Ndikubwezera."

"Sabwezeka, bambo."

Sundus anaika thireyi patebulo pang'onopang'ono, kuti tiyi asatayike.

"Ndimvetse bwino, ababa. Munamukana pamaso pa anthu chifukwa chondinyenga ine ndi inuyo?"

5

Fawaz atamva anakhala pansi, anavula magalasi, anawavalanso.

"Diresi?" anafunsa.

"La pa gemu, achimwene."

"La mapiko."

"Inde."

"Mulungu atikhululukire tonse." Anapukusa mutu. "Njira ndi imodzi. Unawachititsa manyazi pagulu, ukawafotokozere pagulu. Amene anamva kukana amve chifukwa chake. Apo ayi, mwanayu ndiye asenza."

Tinapita kuholo ya banja lawo Lachitatu, itatha swala, pemphero la masana. Amuna anakhala m'mbali mwa makoma, mikono yopinda. Ndaphunzitsa ana ovuta zaka zambiri, koma kalasi ngati imeneyo sindinaimepo. Ndinayamba ndi makina, ndinafotokoza za ndege ndi utsi, za atsikana osatsegula maiki. Achikulire ankangoyang'anana. Achinyamata anayamba kubisa nkhope m'manja ndisanafike pakati. Ndinanena kuti Laith sanalakwe, kuti Sundus sankadziwa kanthu, kuti wolakwa ndi amene waima pamaso pawo.

Nditamaliza, Abu Talal anasisita ndevu.

"Aphunzitsi, tithandizeni kumvetsa. Ndiye kuti tinavala masuti, tinabwereka magalimoto, kudzafunsira inuyo?"

Holo yonse inaphulika. Wina anagwa pampando. Wina anakuwa kuti mkwatibwi amete kaye. Fawaz, m'bale wanga weniweni, ankaseka mpaka kutsokomola. Ndinaimabe pomwepo, manja kumbuyo, kudikira kuti atope.

Abu Talal anapukuta misozi. "Chabwino. Munthu wobwera yekha kudzadzivula chonchi sitingamubweze. Lachisanu tibweranso."

Pobwerera Fawaz anandimenya paphewa. "Zatha. Akuseka mpaka kufa kwako, koma dzina la mwana layera."

Titafika ndinamuuza Sundus. Anali akusita yunifolomu, ndipo sanadzutse mutu.

"Asabwere kaye," anatero. "Ndikufuna gemu imodzi."

6

Laith anabwera mawa lake masana. Anakhala pa sofa ndi foni yake, Sundus pa kapeti ndi padi, ine pakona ngati mlonda. Sundus anatsegula akaunti yatsopano n'kulemba dzina lake lenileni.

"Tidumphire kumunda uko, kulibe anthu," anatero Laith.

"Kumunda ukatani, ukalime? Tiye kutauni."

Anadumphira pamene panali podzaza kwambiri. Sundus anatola mfuti yabwino pamphuno penipeni pa Laith. Ankathamanga osayang'ana kumbuyo, akukuwa.

"Fulumira! Ukuyenda ngati ukuperekeza maliro!"

"Dikira, kuli anthu padenga!"

"Ndawaona kale. Iwe ndiye sunawaone."

Sindinkadziwa kuti mwana wanga amasewera choncho. Ankaseweretsa zala ngati mayi wosenda nyemba, lilime lili pakati pa mano.

Posakhalitsa Laith anawomberedwa pakati pa msewu.

"Sundus, ndagwa! Ndidzutse!"

"Unagweranji poyera? Kwawa."

"Ndikutha!"

"Ndikabwera tifa tonse. Kwawa, ndati."

Sanabwerere. Anakwera padenga, anagwetsa awiri, wachitatu anamugwetsa iye. Gemu inatha. Anaika padi pansi n'kutembenuka.

"Ameneyu ndiye ine, Laith. Ndimalankhula, ndimafulumira, sindidikira munthu wochedwa. Kafunse kuchipatala akuuze. Ndi ameneyu unatuma abale ako kudzapempha?"

Laith ankangotembenuza foni m'manja.

"Njiwa sakanandisiya," anatero chapansipansi.

"Njiwa ndi uyo wakhala apoyo, wa imvi."

"Ndikudziwa. Ndikungoti..." Anandiyang'ana, anayang'ananso Sundus. "Sindikudziwa, Sundus. Chaka chonse ndimaganiza kuti ndikukudziwa. Pano sindikudziwa."

"Zikomo," anatero mwana wanga. "Ukananama ndikanavomera."

Ndinamuperekeza Laith pakhomo. Anandipatsa dzanja, koma maso ake anasowa poyang'ana. Lachisanu tenti sinamangidwe. Amayi ake anaimba foni n'kunena mwaulemu kuti zinali zisanalembedwe, ndipo Mulungu ampatse Sundus woposa mwana wawo.

Tsikulo ndinamupeza Sundus kukhitchini akutsuka makapu amene anali oyera kale. Ndinatenga kansalu kuti ndizipukuta.

"Mwina ndi bwino kuti zadziwika msanga, mwana wanga."

"Ababa, musadzinamize kuti mwandipulumutsa. Ine ndinkamukonda. Ndinkayesa kuti wandiona ku ukwati kuja, wandikonda ine."

Ndinapukuta kapu imodzi nthawi yaitali.

"Za diresi sindikudandaula," anapitiriza. "Akusekeni, ndi zanu. Koma chaka chonse munkafunsa mwana wa eni ngati wadya. Ine ndinkabwera kuntchito miyendo itatupa, kukupezani muli phee ndi nyuzipepala. Amayi anamwalira kwa ife tonse. Munandifunsapo liti?"

Ndinafufuza m'mutu mwanga tsiku limodzi loti ndimutchulire. Sindinalipeze.

7

Sundus anapempha kuti amusamutsire ku Amman, ndipo anamulola. Amakhala ndi azakhali ake, amabwera akapeza mpata. Ndimamuimbira foni. Poyamba ankayankha mawu amodziamodzi. Masiku ano amandiuzako za odwala ovuta ndi za dokotala wina amene samvana naye, ndipo ndaphunzira kuti akayamba kulongosola sapuma. Ndimamvera mpaka khutu litatentha. Zambiri mwa zimene amanena sindinkazidziwa, pamene anakulira m'manja mwanga.

Kogula buledi amanditcha mkwatibwi. Ndimayankha moni wawo, n'kutenga buledi wanga. Masana sinditha kukhala m'nyumba, ndimayenda mpaka kuseri kwa yunivesite n'kubwerera, nthawi zina kawiri.

Inu amene mwawerenga, musayembekeze kuti ndikuuzani mulande ana anu mafoni. Gemu sinandinamize. Inandipatsa anzanga pamene ndinalibe, ndipo anali anzanga enieni. Dokotala yekha ndimamusowa mpaka lero. Chimene ndinalakwa n'chakuti ubwino wochepa umene unatsala mwa ine ndinakaupereka kumene sankandiona nkhope, chifukwa kumeneko kunali kosavuta. Wa m'nyumba mwanga ndinamupatsa nyuzipepala yotchinga.

Ngati pa gemu pali munthu wosalankhula amene amakubwererani mukagwa, musamupangire nkhope m'mutu mwanu. Mufunseni kuti ndi ndani. Ndipo ngati wosalankhulayo ndinu, nenani msanga, mwana wa eni asanasonkhanitse abale ake.